Nkhandwe kuseri kwa nkhokwe

Ndamva kuti masiku ano nkhandwe ikadutsa kuseri kwa nyumba mumathamangira kukatenga foni. Mumaijambula, chithunzi n'kufika mpaka kwa abale a ku Joni, ena n'kumati ndi galu wosokera, ena amvekere chilombo chathawa ku gemu. Adzukulu anga, inu a ku Linga, a ku Chombo, a ku Lozi, ndi nonse amene mudabadwira m'dziko lino la mfumu Malenga Chanzi kuno ku Nkhotakota koma mudatsegula maso nyumba zili kale ndi malata, sendezani mikeka kuno. Nkhandwe imeneyo si mlendo ayi. Makolo ake ankadutsa pomwepo ife tikuvala nyanda ya m'chiuno ndi kabudula wong'ambika, ndipo makolo a makolo akewo ankadutsa pomwepo Jumbe, wamalonda a minyanga ndi akapolo uja, asanakocheze ngalawa zake padooko.

Kuti mumve bwino, yambani mwadziwa m'mene mudzi unkakhalira. Nyumba zathu zidali za mitengo yophoma ndi dothi, denga laudzu, chitseko cha bango chimene mkati tinkachitchinga ndi mpiringidzo. Pambali pake pankakhala nkhokwe, khola la mbuzi la mitengo yozika mothinana, ndi chitele cha nkhuku chokwezeka pa miyendo inayi, chokhala ndi kamakwerero kamene madzulo tinkakachotsa. Kuseri kwenikweni kudali dzala, kumene kunkatayidwa phulusa, makoko a chinangwa ndi mamba a nsomba. Ukangodutsa dzalalo ndiye kuti walowa m'tchire, ndipo tchire limenelo silinkaduka: linkakwera ndithu ndi mitsinje ya Kaombe ndi Bua mpaka kukagunda phiri la Chipata, nkhalango ya misuku ndi mitsamba yokhayokha. Usana bwalo lidali lathu. Dzuwa likafiira kumapiri, amayi ankayamba kuitana ana mayina, mbuzi n'kulowa, nkhuku n'kukwera, nkhuni n'kulowetsedwa m'nyumba, ndipo moto wapabwalo ukazilala aliyense ankadziwa kuti eni ake ena a bwaloli ali m'njira. Palibe amene ankadabwa nazo. Mmawa anyamata tinkadzuka n'kumawerenga mapazi pa dothi losesa dzulo lake: apa padutsa fisi, apa likongwe, apa vumbwe wazungulira chitele kawiri n'kubwerera wopanda kanthu.

Chimene chinkawakoka ndi fungo la ndiwo zathu. Ife a kunyanja sitinkadya ngati anzathu a kumtunda kwa Ntchisi ndi Kasungu. Nsima yathu idali kondowole: amayi ankazula chinangwa, kusenda, kukaviika m'zithaphwi za kudambo kuti ululu uchoke, kenaka kuyanika, kusinja, ufa wake woyera mbee ndi kafungo kake kamene mlendo amayamba wakwinya nako mphuno kenaka n'kupempha mtanda wina. Mpunga wa faya udalipo, wobwera ndi Aswahili, koma umenewo udali wa pa Idi, pa ukwati ndi pa sadaka. Ndiwo ndiye nsomba: chambo, kampango, mcheni, utaka, ndi mpasa nthawi imene imakwera mtsinje wa Bua kukaswa. Usipa ukagwa wambiri tinkauyanika pamchenga pomwepo, kusanabwere mathandala amene mukuwaonawa, n'chifukwa chake okalamba ambiri mano adatha msanga ndi mchenga. Masana ana tinkalondera akhwangwala ndi mphamba, mtengo m'manja. Koma usipa wosauma ukagonera pagombe, mmawa unkapeza mzere wa timapazi tonga ta galu koma topyapyala, tochokera kubango, tozungulira pamene payanikidwa, n'kubwerera njira yomweyo. Imeneyo ndiye nkhandwe, ndipo kawirikawiri mapaziwo ankakhala a ziwiri, pakuti yaimuna ndi yaikazi zimayendera limodzi.

Ndidaiona pafupi nyengo ya masuku, mwezi uli mbee, ndili pakhonde la atsibweni anga. Idatulukira kuseri kwa nkhokwe mosathamanga, mutu uli pansi, n'kuima. Msinkhu wake ndi wa galu wakumudzi wosakhuta bwino, ubweya wotuwa, makutu ali njo, m'nthiti muli mzere woyererako wochokera kuphewa kukafika kuntchafu, ndipo kunsonga kwa mchira kuli koyera. Idanunkhiza mtondo, n'kunyambita pansi pamene amayi adakhuthulira madzi otsukira chambo, kenaka n'kutola mutu wa kampango padzala, osautafunira pomwepo ayi, koma kuunyamula bwinobwino n'kulowa nawo m'chinangwa. Galu wathu, amene masana ankadzitama ndi kuuwa aliyense wodutsa, adangotukula khutu limodzi n'kugonanso. Mmawa mwake atsibweni adanditengera kunjira ya kudambo n'kundionetsa ndowe zake, atazitakasa ndi kamtengo: mudali nthanga za masuku, mapiko a ngumbi ndi ubweya wa mbewa. Adati, "Waona mphwanga? Uyu amadya zimene umadya iwe. Mbewa za m'nkhokwe yako amakuchepetsera ndi yemweyu." Ndipo n'zoona, nkhuku zambiri zimene nkhandwe inkanamiziridwa zinkapita ndi likongwe masana kapena vumbwe usiku. Nkhandwe imagwira nkhuku yogona pansi, ya mwini waulesi amene sadamange chitele.

Komatu kuba sikumene tinkaiopera. Tinkaopa kulira kwake. Nkhandwe ikaima pafupi ndi mudzi n'kuyamba kuja kwa hwee! hwee! kodukizadukiza, anganga ankadzuka tsonga pamphasa, kukoleza moto, n'kuyamba kuwerenga chamumtima amene akudwala m'mudzimo. Ankati ndi malodza, yanunkhiza maliro. Ena ankati yatumidwa ndi afiti kuti ikaone ngati nyama yapsa. Abambo ankatuluka ndi chikuni chamoto n'kuchiponya cha kumene kukuchokera mawuwo, uku akukalipa kuti, "Pita nazo uko, kuno kulibe wako!" Ife ana tinkafunda mpaka kumutu, kumapuma pang'onopang'ono kuti ingatimve. Ndipo pakapita masiku angapo mkuwe wa maliro n'kumveka, akuluakulu ankagwedeza mitu: si paja idalira.

Ine pokula ndidayamba kuziona mwina. M'midzi ya nthawi imeneyo, ndi mwezi uti umene unkatha popanda maliro? Malungo adali pakhomo lililonse, chikuku chinkasesa ana, amayi ankafera pobereka, ndipo opita kukasaka kapena kukafula uchi kunkhalango ankabwerako atalumidwa ndi kashembe, pakapita nthawi n'kuyamba kuodzera masanasana mpaka kutsirizika. Chipatala cha mishoni cha St Anne's chidalipo, koma wodwala wa kutali ankafikako pa machira zinthu zitavuta kale. Nkhandwe inkangoitana mnzake. Maliro akadabwerabe ingakhale chete. Koma musawaseke anganga anu. Mantha amenewo ankatigoneka m'nyumba usiku, ndipo mwana amene ali m'nyumba sagwidwa ndi fisi.

Panali nkhandwe imodzi yokha yoyenera kuiopa ndi mtima wonse, ndiyo yoyenda masana. Ikalowa pabwalo dzuwa lili paliwombo, osathawa anthu, dovu lili chuchuchu, kumaluma mtondo, kuluma nkhuni, kulimbana ndi agalu, amuna ankakuwa kuti "Chiwewe!" ndipo aliyense ankatola chimene chili pafupi, mpini, nkhafi, nthungo. Akaipha ankaikwirira dzenje lakuya osaigwira ndi manja, ndipo galu aliyense amene walumidwa ankaphedwa tsiku lomwelo, mwini wake alire asalire. Ndidaona mlenje wina wamkulu akulira misozi chifukwa cha galu wake wa uzimba, koma sadatsutse. Nthenda imeneyi siidathe. Akuluakulu mukukumbukira chilombo cha ku Dowa cha mu 2003, chimene chidapha anthu n'kuthawitsa midzi yathunthu kukagona kuboma. A zanyama adati adali fisi wachiwewe, ngakhale eni ake a kumeneko ambiri sadavomereze. Tsono inu ojambula ndi foni, mukaona kanyama kakutchire kakubwera kwa inu mofatsa dzuwa likuswa mtengo, musati kakukondani. Ndipo wina akalumidwa, kaya ndi nkhandwe kaya ndi galu wosadziwika, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo kukabayitsa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo chiwewe chikafika kumutu palibe sing'anga wachikuda kapena wachizungu amene amachibweza.

Fisi ndiye adali mbala yeniyeni. Amayenda motsimphina ngati wolumala koma nsagwada zake zimaswa fupa la ng'ombe, ndipo ankadziwa khola lililonse limene mtengo wake umodzi wafumbwa. Ankatenga ngakhale chikopa choyanika, ng'oma yoiwalika pabwalo, nsapato za mphira. Mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kunyanja kuno kukafika poti m'nyumba simugoneka, anthu ankafuna kuyala mphasa pakhonde, ndipo pamenepo mpamene akuluakulu ankakalipa kwambiri, chifukwa fisi akapeza munthu ali m'tulo amagwira kumaso. M'zaka za m'ma 1950 mbiri idamveka dziko lonse kuti kuchigwa cha Phalombe afisi apha anthu ambiri ogona panja nyengo yotentha, ndipo amayi athu ankatiopseza nayo mbiri imeneyo mpaka tidakula. Za afiti okwera afisi usiku ndisanene zambiri, mudazimva kale. Ndingoti m'mudzi uliwonse mudali nkhalamba ina yosauka imene anthu ankainong'oneza, ndipo pamenepo tinkalakwira anthu osalakwa.

Nyalugwe sitinkamutchula dzina kukada, tinkangoti chilombo. Iye sankasiya phokoso. Galu ankagona pakhonde madzulo, mmawa n'kupeza pogona pake pali mbuu, timadontho ta magazi tikulowera kumtsinje.

Koma ngati mufuna kudziwa nyama imene idatidyetsa njala ndi kutisowetsa tulo, si mkango kapena njovu ayi, ndi nguluwe. Munda wa chinangwa umene banja lakhala likuyembekeza zaka ziwiri, gulu la nguluwe linkaufukula usiku umodzi, mmawa n'kupeza mitengo ili gonegone, dothi lili lotembenuzika. Choncho munda uliwonse wakumphepete udali ndi chilindo, kansanja kofolera ndi udzu, kokwera kuposa msinkhu wa munthu, ndipo anyamata tikangoyamba kumera ndevu ankatitumiza kukagona kumeneko. Tinkanyamula chikuni chamoto, chitini chobooka ndi kamtengo kogogodera, chinangwa chootcha ndi usipa pang'ono m'thumba. Udzudzu wake wa kudambo, inu! Tinkasonkha utsi wa masamba aawisi pansi pa nsanja mpaka maso kufiira. Nyengo ya mwera, Juni ndi Julaye, mphepo yochokera kumwera ikamawomba nyanja n'kumalira usiku wonse, tinkanjenjemera m'chiguduli chimodzi anthu awiri. Pakati pa usiku unkamva kaye kuthyoka kwa timitengo, kenaka kufwenthera, kenaka kutafuna kwenikweni, khwapu khwapu, ndiye iwe uyambe kugogoda chitini ndi kukuwa, wa chilindo china n'kuyankha, winanso kutsidya kwa dambo n'kulandira, mpaka dera lonse lili pwirikiti ndi phokoso, nguluwe n'kuthawira m'munda wa amene wagona tulo. Mmawa mwake mwini tuloyo sankasowa; nkhope yake inkanena yokha.

Akuluakulu ankakumba mbuna m'njira zake, dzenje lakuya lozikamo zisonga pansi, pamwamba n'kuyala timitengo, udzu ndi dothi. Ena ankatchera makhwekhwe a chingwe chopota. Paja amati nguluwe idalira msampha utaning'a, ndipo amene adauona msampha wa luzi utatsala pang'ono kuduka, nyama ili kuphiriphitha, amadziwa kumene mwambiwo udachokera. Tsono apa pali nkhani yoseketsa ya kwathu kuno. Midzi yambiri ya kugombe ndi ya Asilamu, ndipo Msilamu nguluwe sadya, sakhudza n'komwe. Ikagwa m'mbuna ya mwini munda wa Chisilamu, ankatuma mwana kuthamangira kwa anansi a ku mishoni kapena a gule kuti, "Bwerani mudzachotse chinthu chanu." Iwo ankabwera ndi mipeni akumwetulira, n'kusenza nyama yonse, mwini munda n'kutsala ndi chinangwa chake chopulumuka. Pobweza, mbawala kapena gwape akakodwa wamoyo kwa Mkhristu, ankaitana shehe kapena mkulu wina wa kumzikiti kuti adzazinge, kuti mudzi wonse udye nawo. Ndi m'mene tinkakhalira, ndipo sindikumbuka kuti padabukapo mlandu.

Masana ntchito inkagwera ana aang'ono, kuingitsa anyani ndi apusi m'chimanga ndi mbalame mumpunga. Nyani amadziwa kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi, wamkulu ndi mwana. Akaona kuti wolondera ndi kamtsikana, amalowa m'munda mosatekeseka n'kumathyola akukuyang'ana. Ana ambiri anzanga sukulu idawalephera chifukwa cha anyani, osati umbuli.

Kunyanja nako kudali eni ake. Mvuu zinkatuluka usiku m'matamanda a ku Chia ndi m'mathiriro a mitsinje kudzadya mpunga, ndipo mvuu imene imaoneka yaulesi m'madzi, pamtunda imathamanga kuposa munthu. Lamulo lidali lakuti usaime pakati pa iyo ndi madzi. Ng'ona zinkadikira padooko pamene amayi amatunga ndi kutsuka mbale nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake m'malo ena ankazika mitengo m'madzi mozungulira, ndipo mkazi sankapita yekha mbandakucha. Amene adali pafupi ndi akasupe otentha a ku Mawira ankasamba mtima uli m'malo. Katumbu ankang'amba mono n'kudya nsomba za mwini wake, ng'anzi n'kumakwawira m'zitele kudzamwa mazira. Nyanja ikakwera, monga idachitira cha m'ma 1980 ndiponso mu 2024, madzi amalowa m'minda ndi m'mabwalo, ndipo ng'ona imabwera nawo mpaka pamene dzana panali khitchini. Pamenepo wina asanene kuti ng'ona yalowa m'mudzi. Madzi ndi ake, afika pamene ankafika kale makolo asanamangepo.

Anganga anga, amene adabadwa ulamuliro wa Ajumbe utangotha, ankati zonsezi n'zazing'ono. Iwo adamva kwa amayi awo za nthawi imene chilombo choopsa kuposa zonse chidali munthu. Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba, adafika kuno cha m'ma 1840, mfumu Malenga Chanzi n'kumupatsa malo, ndipo posakhalitsa gombe lino lidasanduka msika waukulu wa minyanga ya njovu ndi akapolo, owolotsedwa pa ngalawa zamatanga kupita kutsidya, kenaka ulendo wapansi mpaka ku Kilwa. David Livingstone adafika kuno mu 1861, n'kubweranso mu 1863, ndipo mkuyu umene amati adakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe ndi mafumu mumaudziwa nonse, uli pafupi ndi mishoni. Malinga amene anthu ankamanga masiku amenewo sadali otchinga mikango, adali otchinga anthu ogwira anzawo ndi nkhondo za Angoni. Anganga ankati akapolo ofooka ndi odwala, amene sakadatha kuwoloka, ankangotayidwa kutchire, ndipo afisi a m'dera lino adazolowera nyama ya munthu nthawi imeneyo. Akafika pamenepa ankatsitsa mawu, n'kulavulira pambali. Njovu nazo zidayamba kuthera pomwepo, pakuti mfuti za gogodela ndi onga zinkabwera ndi ngalawa zomwezo, ndipo mnyanga uliwonse wokwera m'ngalawa udali njovu yogwa m'nkhalango za kumtunda kuno mpaka ku Kasungu ndi kupitirira.

Ulamuliro wa Ajumbe utatha m'zaka za m'ma 1890, Azungu adakhazikitsa boma lawo limene ankalitcha Kota Kota, ndipo m'kupita kwa nthawi adadula malire a gemu n'kuletsa uzimba. Nyama zidachulukanso. Ife tikukula, njira ya ku Kasungu, imene lero mumadutsa pa minibasi mukugona, idali ulendo woti munthu atsanzike bwino kwawo. Opita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ngati sadakwere Ilala imene idayamba kuyenda panyanja mu 1951, ankadikirana kuti achuluke, n'kunyamuka mbandakucha ndi kamba wa chinangwa chouma ndi nsomba zowamba, nkhwangwa paphewa. Kukada ankasonkha moto waukulu, kugona mozungulira, kumalandizana ulonda, mkango ukubangula kutsidya kwa mtsinje mpaka pansi kumanjenjemera. Chaka cha 1960, pamene Kamuzu adachititsa msonkhano waukulu wa chipani cha Congress kuno ku Nkhotakota, anthu adabwera wapansi kuchokera kumapiri ndi kumadera akutali, ndipo usiku pamoto nkhani za m'njira zinkapikisana ndi za ndale: uyu akuti tidakumana ndi njati pa Bua, uyo akuti ife njovu zidatitsekera njira mpaka dzuwa kupendeka.

Nanga zidapita kuti? Tidazidya ndife, ndipo malo ake tidalimamo. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi monse. Wa 2018 adapeza oposa 17 miliyoni. Aliyense mwa amenewa afuna munda, nkhuni, mitengo ya denga. Misuku ndi mitsamba idapita kuwamba nsomba, kuotcha njerwa ndi makala. Madambo a ku Dwangwa adasanduka minda ya nzimbe kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Msampha wa luzi udalowedwa m'malo ndi waya, umene suning'a ndipo susankha, umagwira mwendo wa gwape ndi chitamba cha njovu chimodzimodzi. Gemu yathu, ya masikweya kilomita 1,800 kukula kwake, imene kale idali ndi njovu zoposa 1,500, pofika 2015 idatsala ndi zosakwana 100. Chaka chimenecho boma lidaipereka m'manja mwa bungwe la African Parks, ndipo mu 2016 ndi 2017 tidaona zimene anganga sakadakhulupirira: njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete zikubwera pa malole akuluakulu pamsewu wa kunyanja, pamodzi ndi njati, mphalapala ndi nyama zina. Adazunguliza waya wamagetsi, n'kulemba agemu ambiri, ena mwa iwo ana a m'midzi yomwe ino. Ine ndimauyamikira wayawo, ndisakunamizeni. Amene sadagonepo pachilindo ndiye angaunyoze. Njovu ikauthyola n'kulowa m'chinangwa, usiku umodzi banja limasauka, ndipo anzathu a kumalire a Kasungu, kumene adapititsako njovu 263 mu 2022, adalira nazo kwambiri.

Zikuluzikulu tsono zili kuseri kwa waya. Zimene zidatsala kunja kuno ndi zija zochenjera, zodya chilichonse, zotha kugona m'kachitsamba ka kumanda kapena m'bango la kumtsinje: nkhandwe, likongwe, vumbwe, pusi, ng'anzi. Ndipo kunena zoona izi zikukhala bwino lero kuposa kale. Nyalugwe amene ankazidya kulibe kumidzi. Dzala la masiku athu lidali la phulusa ndi mamba; la masiku ano, kuseri kwa msika wa paboma, kuseri kwa malo ophera mbuzi, kuseri kwa malo ogona alendo a kugombe, muli mafupa, matumbo, mpunga wotsala, tchipisi. Mwayambanso kuweta nkhuku zachizungu mazanamazana m'makola a pansi otchinga ndi waya wopyapyala, nkhuku zonenepa zosadziwa kuthawa kapena kukwera mumtengo. Walira mvula walira matope. Apusi a kumalo a alendo afika potsegula zenera n'kutenga shuga patebulo, chifukwa alendowo amawaponyera nthochi kuti awajambule. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, koma kuno amene akugwa chagada ndi mwini shuga.

Si kuno kokha. Ku Lilongwe, mzinda wa magetsi ndi nyumba zosanja, afisi amakhala m'nkhalango za m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, usiku n'kumayenda m'misewu ya m'maeriya kufunafuna zotayidwa ndi agalu osokera, mpaka akatswiri ena adawaveka malamba m'khosi kuti azidziwa kumene akuyenda. Ku London nkhandwe zakumeneko, zofiira, zidayamba kulowa m'mzinda cha m'ma 1930, ndipo lero zimaswera ana pansi pa tinyumba ta kuseri kwa mipanda n'kumatsegula mabini usiku. Kumeneko ena amaziikira chakudya m'mbale dala, poti dziko lawo chiwewe adachithetsa. Inu musatengere zimenezo. Kuno nthendayo ilipo, ndipo nkhandwe yozolowera mbale imadzakumana ndi galu wanu wosabayitsa, galuyo n'kudzasewera ndi mwana wanu. Kwirirani zinyalala, kwezani chitele, agalu akabwera a zaziweto muwatengere ku katemera. Ikadutsa usiku ilekeni ipite, ili ndi mbewa zoti igwire.

Chimene timakangana masiku ano pa bawo pansi pa mtengo wa mango ndi mkango. Ku Majete adabwezeretsako mikango mu 2012, ku Liwonde mu 2018, ndipo achinyamata amene amagwira ntchito ndi alendo amati gemu yopanda kubangula siikoka ndalama. Mnzanga wina wa msinkhu wanga, amene bambo ake aang'ono adajiwa pa njira ya ku Kasungu ife tisanabadwe, akamva zimenezi amaika nkhomo pansi n'kunena kuti tsiku limene adzamve mkango kuseri kwa waya, iye adzakwera Ilala kukakhala ku Likoma, kumene chilombo chachikulu ndi ng'ona ndipo amadziwa kale kukhala nayo. Timamuuza kuti wayawo ndi wamagetsi, iye amvekere, "Magetsi ake ati, omwe amazima mvula ikangogunda?" Agemu adamufotokozera kuti wayawo umayendera mphamvu ya dzuwa, koma mpaka lero sadagonje, ndipo mbuzi zake amazitsekerabe m'khola la mitengo yozika kawiri, lofolera pamwamba, ngati la bambo ake.